Magetsi akathima, ndani amayatsa jenereta?

Madzi ambiri amene amapukusa makina opangira magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira amatuluka m'nyanja ya Malawi kudzera ku Mangochi. Amadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kulowa m'nyanja ya Malombe, n'kukaima kaye pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, kenako n'kutsetsereka m'mathithi a Shire. Koma magetsi amene madziwo amabala amabwerera kunyanja pa ulendo wautali wa nthambo ndi mapolo, moti akamafika ku Monkey Bay, ku Chembe kapena ku Malembo amakhala atadutsa malo ambirimbiri pamene mtengo ungagwere waya, mphenzi ingawombe thiransifoma, kapena mwera ungagwetse polo lofumbwa. Munthu wa kwa Nankumba safunika kumuuza kuti magetsi amathima. Mwini chigayo amadziwa, wogulitsa zoziziritsa kukhosi amadziwa, ngakhale mwana wa sukulu amene amawerenga ndi tochi ya foni amadziwa. Chimene sitikambirana kawirikawiri ndi chimene chimachitika m'chipinda cha opaleshoni, m'chipinda cha makanda ndi m'labotale pa mphindi yeniyeniyo imene magetsi angoti phethi.

Yankho limene akuluakulu amapereka msanga ndi lakuti jenereta ilipo. Nduna ikabwera kudzayendera chipatala amakaionetsa kanyumba ka jenereta, alendo amajambula, ndipo m'malipoti amalemba kuti malowo ali ndi magetsi apadera. Koma kukhala ndi jenereta ndi nkhani ina, kukhala ndi magetsi pa nthawi imene akufunika ndi nkhani inanso. Pakati pa kuthima kwa magetsi a ESCOM ndi kulira kwa jenereta pali mpata, ndipo mpata umenewu ndi umene umapha. Maganizo anga ndi akuti paliponse pamene moyo wa munthu umadalira magetsi, mpatawu usamadalire liwiro la mlonda koma makina osintha okha gwero la magetsi, amene amisiri amangowatchula kuti chenjiova ya otomatiki kapena ATS. Ndikuwonjezanso kuti ndalama zogulira, kuyesera ndi kukonzera makina amenewa ziyenera kuikidwa patsogolo pa ndalama zogulira jenereta ina yaikulu.

Si chipangizo chilichonse cha m'chipatala chimene chili pachangu. Firiji ya katemera, imene imayenera kusunga kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, imapirira maola angapo bola chitseko chisamatsegulidwetsegulidwe, ndipo ina imene ili ndi madzi oundana m'zipupa mwake imapirira kuposa tsiku. Thanki ya madzi ikakhala yodzadza, mpope ungaime mpaka madzulo popanda wodandaula. Koma makina otchedwa oxygen concentrator, amene amasefa okosijeni kuchokera mumpweya wamba ndipo zipatala za m'maboma zimawadalira kwambiri, ambiri alibe batire: magetsi akathima, okosijeni amaleka pomwepo. N'chimodzimodzi makina a Pumani, othandiza kupuma makanda obadwa masiku asanakwane, amene anapangidwa ndi akatswiri a pa Rice University ku America mogwirizana ndi madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Khanda la kilogalamu imodzi ndi theka silingadikire kuti munthu apeze kiyi. Dokotala amene wang'amba mimba ya mayi kuti atulutse mwana amafuna nyale yowala ndi makina oyamwa magazi kuti aone pamene pakukha, ndipo kuwala kwa foni sikufika m'kati mwa bala. Ngakhale makina a GeneXpert oyezera chifuwa chachikulu, amene sapha munthu akaima, amatenga nthawi yoposa ola kuti amalize kuyeza. Akadukizidwa pakati, kachipangizo koyezera kamatayidwa, ndipo wodwala amene anachokera ku Msaka amauzidwa kuti aperekenso makhololo.

Pamene palibe makina osintha okha, ntchito imayenda chonchi. Kukati mdima bii, namwino amayamba wafufuza tochi, n'kutuma munthu kapena kuimba foni kwa amene ali ndi udindo wa jenereta. Usiku munthuyo kawirikawiri amakhala mlonda, ndipo mwina ali kugeti, mwina akuthandiza kutsitsa wodwala mu ambulansi. Akapezeka, amafuna kiyi wa kanyumba kaja, poti dizilo ndi batire ndi katundu wokopa mbava ndipo kusiya chosatseka n'kosatheka. Akalowa amayang'ana mafuta, amaliza injini, amaidikira kuti ikhazikike, kenako amakoka swichi yaikulu yochotsa nyumba ku ESCOM n'kuilumikiza ku jenereta. Zonse zikayenda bwino, mphindi zingapo zapita. Kiyi akakhala kuti wapita ndi mnzake wa masana, kapena pakufunika chilolezo cha bwana woyang'anira mafuta, theka la ola si kanthu. Mlondayo palibe chimene walakwa. Wapatsidwa ntchito imene munthu sangaichite pa liwiro limene mapapo a khanda amafuna.

Chenjiova ya otomatiki imagwira ntchito yomweyo, koma siigona ndipo siipita kugeti. Ndi bokosi lokhomedwa pakhoma, lolandira nthambo ziwiri, ya ESCOM ndi ya jenereta, n'kutulutsa imodzi yopita kumawodi. M'kati mwake muli kachipangizo kamene nthawi zonse kamayeza mphamvu ya magetsi obwera. Akathima, kapena akatsika kupyola mlingo umene anaikiratu, kamadikira sekondi imodzi kapena angapo pofuna kutsimikiza kuti si kuphethira chabe, kenako kamalamula jenereta kuti ilire. Kamadikiranso mpaka magetsi a jeneretayo afike pa mlingo woyenera, womwe kuno kwathu ndi mavoti 230 pa nthambo imodzi, ndipo pamenepo kamadula mbali ya ESCOM n'kulumikiza mbali inayo. Magetsi a ESCOM akabwera sikathamangira kubwerera. Kamayamba kaona kwa mphindi zingapo ngati abweradi, poti tonse tikudziwa chizolowezi chawo chongoti ngwee n'kuthimanso anthu asanamalize kukuwa. Kakatsimikiza kamabweza nyumba ku ESCOM, n'kusiya jenereta ikulira yopanda katundu kwa kanthawi kuti izizire, kenako n'kuithimitsa.

Pali ubwino wina umene anthu wamba sauona, koma amisiri amaudziwa bwino. Bokosili limapangidwa moti mbali ziwirizo sizingalumikizidwe nthawi imodzi. Ina ikatseka, inayo imakanika kutseka. Kumene anthu amangolumikiza jenereta mwachidule, osadula kaye mbali ya ESCOM, magetsi a jenereta amabwerera kunja kudzera m'thiransifoma, n'kukwera kufika mavoti zikwizikwi, ndipo mmisiri amene wakwera polo akukhulupirira kuti nthambo n'njakufa akhoza kufera pomwepo. Komanso vuto la kumapeto kwa nthambo zazitali si kuthima kokha. Nthawi zina magetsi amabwera ofooka, mababu akungoti psuu, kapena pa nthambo zitatu zolowa m'nyumba yaikulu imodzi imafa n'kutsala ziwiri. Mlonda akaona mababu ena akuyaka saganiza zoyatsa jenereta, chikhalirecho mota ya mpope ndi kompuresa ya firiji zikupsa pang'onopang'ono. Makina oyeza aja amaona zimenezi ngati kuthima, ndipo amasamutsa nyumba zinthu zisanawonongeke.

Maiko ena anaika nkhaniyi m'malamulo ndi manambala. Ku America, ndondomeko yotchedwa NFPA 110 pamodzi ndi malamulo a zipatala imafuna kuti magetsi apadera afike ku zipangizo zosunga moyo pasanathe masekondi 10. Ndondomeko ya bungwe la IEC yokhudza zipinda za chipatala imati nyale ya pa tebulo la opaleshoni ibwerere pasanathe theka la sekondi, ndipo zipangizo zina zofunika pasanathe masekondi 15. Palibe injini ya dizilo imene ingadzuke pa theka la sekondi, n'chifukwa chake pakati pa ESCOM ndi jenereta pamaikidwa mabatire, kaya a UPS kapena a inveta, amene amanyamula katundu nthawi yomweyo pamene injini ikudzuka. Lipoti limene bungwe la WHO linatulutsa mu January 2023 pamodzi ndi World Bank ndi mabungwe ena linati anthu pafupifupi 1 biliyoni m'maiko osauka amathandizidwa m'zipatala zopanda magetsi kapena zokhala ndi magetsi osadalirika, ndipo linasonyeza kuti kum'mwera kwa chipululu cha Sahara theka lokha la zipatala zikuluzikulu ndilo lili ndi magetsi odalirika. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti odalirika. Waya ungafike pakhoma, koma funso la wodwala ndi lakuti makina ake aima kapena ayi.

Wina anganene kuti zonsezi n'kuzemba vuto lenileni: ESCOM ndi EGENCO zingokonza magetsi kuti asamathime, basi. Palibe amene angakane kuti zimenezo n'zofunika, koma zaka zapitazi zatiphunzitsa kuti chipatala sichingadikire tsiku limenelo. Mu 2016 ndi 2017 madzi atachepa m'nyanja ndi mu Shire, madera ena ankakhala tsiku lathunthu opanda magetsi, mpaka dziko linabwereka majenereta a kampani ya Aggreko a mamegawati 78, amene analira kuyambira 2018 kufikira 2022. Mu January 2022 vuto linabwera mwa mtundu wina: namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a dziko lino, anasowa kwa nthawi yoposa chaka. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anadzaza mtsinje ndi zinyalala ndi matope, makina a ku Nkula ndi Tedzani anaimitsidwa, dziko linagona mumdima pa nthawi yomwe ovulala ankakhamukira kuzipatala. Madzi akachepa timathimitsidwa, akachuluka timathimitsidwanso. N'zoona kuti magwero akuwonjezereka. Ku Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60 kuyambira 2021, ndipo pa Golomoti, pomwe msewu wobwera ku Monkey Bay umapatukira, pali wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire akuluakulu kuyambira 2022. Koma magetsi angachuluke bwanji pa Golomoti, polo limodzi likagwa panjira, wodi ya amayi ili mumdima.

Ku South Africa anayesa njira ya khoti. Mu May 2023 khoti lalikulu ku Pretoria linalamula boma kuti zipatala, sukulu ndi mapolisi zisamakhudzidwe ndi kuthimitsa kwa magetsi kosinthana. Chigamulocho chinamveka bwino, koma chinakumana ndi mawaya momwe anayalidwira: zipatala zambiri zimagawana nthambo imodzi ndi nyumba za anthu ndi mashopu, moti kusiyira chipatala magetsi n'kusiyira dera lonse. Kwathu kuno n'chimodzimodzi, ndipo chipatala chikachepa, mwayi wokhala ndi nthambo yakeyake umachepanso. Kupempha ESCOM kuti iziika zipatala patsogolo n'koyenera, koma kumathandiza pa kuthimitsa kochita kukonza kokha. Mphenzi siiwerenga ndandanda.

Mtsutso umene ndimaulemekeza kwambiri ndi wa dizilo, chifukwa umachokera kwa anthu amene amasunga mabuku a ndalama. Iwo amati jenereta yodziyatsa yokha siidziwa kuti m'thanki mwatsala malita angati, siidziwa kuti mwezi uli pakati ndipo ndalama zoyendetsera chipatala zochokera ku khonsolo sizinabwere. Imangolira, kaya mu fiyeta, chipinda cha opaleshoni chija, muli wodwala kapena mulibe, ndipo pakutha kwa masiku ochepa mafuta a mwezi wonse apita. Choncho woyang'anira amaona kuti n'kwanzeru kuika swichi pa manyuwo, kuti jenereta izilira pokhapokha dokotala wapempha. Amenewa si maganizo a munthu woipa mtima. Dizilo yemweyo ndi amene amayendetsa ambulansi pa ulendo wa makilomita oposa 60 kuchoka ku Monkey Bay kupita pa boma ku Mangochi. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mizere ya pa mafilingi siteshoni mu 2022 ndi mu 2024 inaonetsa kuti pali masiku amene ngakhale uli ndi ndalama m'manja, mafuta sapezeka. Woyang'anira amene akusankha pakati pa ambulansi ndi jenereta sangasangalale ndi makina amene amamusankhira.

Komabe vuto pamenepa si chenjiova, koma katundu amene taisenzetsa. Nyumba zambiri za boma zinalumikizidwa moti jenereta ikalira imayatsa chilichonse: maofesi, khitchini, mafani, nyale za panja, nthawi zina mpaka nyumba za ogwira ntchito. Kuti inyamule zonsezo imagulidwa yaikulu, ndipo injini yaikulu imamwa mafuta ambiri ngakhale ikungoyatsa mababu. Choipanso n'chakuti injini ya dizilo ikamalira nthawi yaitali ndi katundu wosafika gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake, siitentha mokwanira, mafuta sapsa onse, mwaye umadzaza m'kati ndipo imakalamba msanga. Tsono taonani manambala. Concentrator ya malita 5 imadya mawati apakati pa 300 ndi 400. Ketulo imodzi yamagetsi imadya pafupifupi 2,000. Ndiye kuti tiyi wa muofesi imodzi amatenga mphamvu yokwanira kupumitsa odwala 5. Injini ya dizilo imamwa pafupifupi lita imodzi pa mayunitsi 3 aliwonse a magetsi, choncho chilichonse chimene tachotsa pa nthambo ya jenereta ndi mafuta opulumutsidwa. Njira yake ndi kugawa mawaya pawiri: mzere wapadera wopita ku fiyeta, kochirira, kwa makanda, ku labotale ndi ku firiji ya magazi ndi mankhwala, wokhala ndi masoketi a mtundu wosiyana kuti wina asalowetsepo simbi, ndi mzere wamba wa zina zonse, umene ungadikire ESCOM kapena chilolezo cha bwana. Mzere wapaderawo ndi umene uzisinthidwa wokha. Woyang'anira ndalama sataya ulamuliro wake pa mafuta ambiri, amangoleka kulamulira mpweya wa khanda. Ntchito yogawa mawayayi ilibe mwambo wodula riboni, mwina n'chifukwa chake siitchuka.

Ena amati sola yathetsa kale nkhaniyi, ndipo kunyanja kuno, kumene dzuwa silisowa, mawuwa amakoma kumva. Sola yathandizadi, makamaka mafiriji a katemera oyendera dzuwa mwachindunji opanda batire, amene masana amaundanitsa madzi n'kusunga kuzizira usiku wonse. Koma mapanelo padenga sakutanthauza kuti mpata uja watsekedwa. Sola yolumikizidwa ku nthambo za ESCOM yopanda mabatire inapangidwa kuti izidzithimitsa magetsi a ESCOM akathima, pa chifukwa chomwe chija choteteza amisiri a pa mapolo. Dzuwa likuswa mtengo, nyumba ili zii. Kumene kuli mabatire, mdani ndi kutentha. Mabatire akale a asidi amataya pafupifupi theka la moyo wawo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa 25, ndipo aliyense amene analowapo m'kanyumba ka malata ku Mangochi mwezi wa October akudziwa kuti madigiri 35 ndi pongoyambira. Mabatire a lithium amapirirako, ngakhale nawonso amafuna malo odutsa mphepo. Kwenikweni kubwera kwa sola kwachititsa kuti kusintha kwa otomatiki kufunike kwambiri, poti magwero tsopano ndi anayi: dzuwa, ESCOM, batire ndi jenereta. Palibe mlonda amene angamasankhe pakati pa anayiwa usiku wonse. Inveta yabwino imatero pa kuphethira kwa diso, ndipo ikalumikizidwa moyenera imadzutsa jenereta pokhapokha batire latsika. Apanso dizilo wapulumuka, chifukwa kuthima kwa ola limodzi kapena awiri kumathera pa batire, injini osalira n'komwe.

Mtsutso wotsala ndi wakuti makina oterewa amawonongeka, ndipo akawonongeka palibe wowakonza. Umenewu ndi woona, ndipo suyenera kupeputsidwa. Amisiri a majenereta kulikonse amadziwa kuti chimene chimalepheretsa injini kudzuka kawirikawiri si chinthu chachikulu ayi, koma batire loliza injini limene lafooka chifukwa chosatchajidwa, dizilo wokhalitsa amene walowa madzi, kapena swichi imene wina anaichotsa pa otomatiki pokonza n'kuiwala kubwezera. Jenereta ingawale penti kunja, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale olemera zimawagwera. Mu October 2012 namondwe wa Sandy atafika ku New York, chipatala cha NYU Langone chinasamutsa odwala mazana usiku, kuphatikizapo makanda amene anamwino anatsika nawo masitepe akuwapopera mpweya ndi manja, chifukwa madzi analowa m'zipinda zapansi momwe munali matanki ndi mapampu a mafuta. Majenereta analipo, koma dongosolo lonse silinaganiziridwe mpaka kumapeto. N'chifukwa chake malamulo a ku America aja salekera pa kugula. Amafuna kuti jenereta ya chipatala iziyang'anidwa sabata iliyonse ndi kuyesedwa mwezi uliwonse kwa mphindi 30 itanyamula katundu, ndipo chenjiova nayo iziyesedwa. Kuliza injini yopanda katundu Lolemba m'mawa n'kumva kuti ikulira bwino si kuyesa. Kuyesa n'kudula magetsi a ESCOM mwadala n'kuona ngati nyale ya ku fiyeta yabwerera.

Kunena kuti kulibe anthu odziwa ntchitoyi, makamaka ku Monkey Bay, n'kosamveka. Tawuni imeneyi ndi kwawo kwa sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951 chifukwa cha mibadwo ya amisiri a injini za dizilo a pa doko. Pomwepo pali sukulu yophunzitsa za zombo, palinso asilikali a pamadzi amene amasamala injini zawo. Anthu a zombo amadziwa bwino nkhani ya magetsi apadera kuposa ambiri a ife, poti pa zombo zikuluzikulu za panyanja zamchere lamulo limati jenereta yangozi idziyatse yokha pasanathe masekondi 45. MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo zikutulutsa achinyamata ophunzira za zipangizo za chipatala, unduna wa zaumoyo uli ndi nthambi ya PAM yoyang'anira katundu wotere, ndipo MERA imapereka ziphaso kwa amisiri a zamagetsi. Chosowa si luso, koma mzere wa mu bajeti ndi dzina la munthu amene afunsidwe injini ikakana. Dziko la Iceland lakhala bwenzi la Malawi kuyambira 1989, linathandiza kukuza chipatala cha Monkey Bay kuyambira cha m'ma 2000, ndipo linamanga wodi yatsopano ya amayi pa chipatala cha boma ku Mangochi imene inatsegulidwa mu 2019. Abwenzi otere amamanga ndi kugula zipangizo, koma batire loliza injini limatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo logula lachiwiri ndi ntchito yathu. Ngati khonsolo ikulephera kugula batire la mtengo wofanana ndi la lole, vuto si umphawi wa dziko.

Chimene chimandichititsa kukana kuti luso limeneli n'lapatali ndi ife n'chakuti lili kale pakati pathu. Nsanja za TNM ndi Airtel zimene zaima pa mapiri a m'mbali mwa nyanja zimakhala ndi mabatire, zambiri zilinso ndi jenereta kapena sola, ndipo zimasintha zokha popanda munthu wokwera phiri ndi tochi. N'chifukwa chake foni imagwirabe kwa maola magetsi atathima. Mabanki amachita chimodzimodzi kuti makompyuta ndi makina otulutsa ndalama asaime. Mahotela akuluakulu a pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay sangalole kuti mlendo adye chambo mumdima kwa theka la ola. Paliponse pamene kuthima kwa magetsi kumaluzitsa ndalama zimene mwini wake angawerenge, mpata uja unatsekedwa kalekale. Kumene kumaluzitsa moyo, chiwerengero sichioneka, chifukwa pa pepala la imfa salembapo kuti magetsi. Amalemba kuti mwana anabadwa masiku asanakwane, kapena kuti mayi anataya magazi ambiri. Chimene sichilembedwa sichipatsidwa ndalama.

Nkhaniyi siithera kuchipatala. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika koposa. Mipope ikauma, anthu a m'mbali mwa nyanja sakhala ndi ludzu, amangotsikira kugombe ndi zidebe, komwe ena akuchapa ndi kusamba. Madzi amene Southern Region Water Board imatunga pa Nkhudzi Bay amakwera kuthanki ya paphiri ndi mphamvu ya magetsi. Mpope ulibe changu cha masekondi ngati khanda, koma umafuna gwero lachiwiri lodalirika ndi chitetezo ku magetsi ofooka amene amawotcha mota, ndipo mota yaikulu ikapsa, kudikira ina sikukhala kwa maola koma masabata.

Sindikunena kuti munthu achotsedwe. Bokosi lililonse labwino limakhala ndi njira yosinthira pamanja ngati otomatiki yakana, ndipo anamwino a usiku, alonda ndi madalaivala a ambulansi ayenera kuphunzitsidwa kuigwiritsa ntchito, malangizo atalembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao n'kukhomedwa pakhoma pomwepo. Masilinda a okosijeni ndi nyale zotchaja ziyenera kukhalapobe. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu akhale wachiwiri, wodzapulumutsa makina akalephera, osati woyamba amene moyo wa wodwala ukudikira kuti adzuke.

Choncho makomiti oyang'anira zipatala, makhansala, aphungu ndi mafumu a kwa Nankumba, kwa Mponda, kwa Chimwala ndi madera ena onse a Mangochi, mukapita kukayendera chipatala musakhutire ndi kuonetsedwa kanyumba ka jenereta. Funsani kuti ndi zipinda ziti zimene zili pa mzere wapadera, swichi ili pa otomatiki kapena pa manyuwo, batire linagulidwa liti, ndipo buku lolembamo kuyesa kwa mwezi ndi mwezi lili kuti. Kenako pemphani akuluakulu a chipatala asankhe tsiku ndi ola limene mu fiyeta mulibe wodwala ndipo makanda ali ndi masilinda pafupi, mmisiri adule magetsi a ESCOM inu muli pomwepo ndi wotchi m'manja. Masekondi kapena mphindi zimene muwerengezo zilembedwe, ndipo zikawerengedwe pa msonkhano wa khonsolo bajeti ya chaka chamawa isanavomerezedwe.